Madengu Khumi Okha

Pamaliro a Madamu Muhiye panabwera anthu ambiri ndithu, koma osati ambiri moti phiri la Thyolo n'kupendekera mbali imodzi, monga akunenera a kabaza ku Khonjeni. Ine ndinaliko, phirilo ndinaliyang'ana, linali chilili. Komabe sindikuwatsutsa, chifukwa ambiri a iwo anadutsa m'manja mwa mayi ameneyu. Akanakhala moyo akanawapatsa seveni pa teni, n'kuwauza kuti phiri lopendekera lokha ndi ulesi.

Amene anandiimbira foni kundiuza za imfayo ndi mayi anga. Mayi anga sakonda foni, ndipo mawu amachita kuwatulutsa limodzilimodzi. Anangoti, "Aginesi, a Madamu aja atisiya. Ubwere undiperekeze." Maondo awo anathera m'mizere ya tiyi kalekale, ngakhale kutchalitchi amapita mwa apo ndi apo, koma pa ulendo uwu sanafune kumva za kutsala. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Zaka zoposa makumi awiri zapitazo mayi anga anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito pa esiteti, kulandidwa nyumba ya kampani ya kumalaini a antchito, ndi kutchedwa wakuba moyo wawo wonse. Amene tinawalowetsa m'mavutowo tinali awiri, ine ndi a Madamu. Amene anawatulutsamo ndi a Madamu okha.

A Madamu ankatiphunzitsa Chingelezi pa sekondale yoyendera imene ili pamalire a esiteti, pamene tiyi amathera n'kuyamba minda ya nthochi. Anali munthu wamfupi, woyenda mofulumira, ambulera ili m'khwapa chaka chonse. Kuseka ankaseka ndi mapewa okha. Nkhope inkakhala ili gwa, mapewa akugwedezeka, ndipo ife tinaphunzira kuyang'ana mapewawo kuti tidziwe ngati yankho lathu lawafika pamtima.

Chaka china kunabwera katoni ya mabuku ochokera ku Amereka, kudzera ku mpingo wina. Ambiri anali osatithandiza, ena ofotokoza kasamalidwe ka agalu a m'nyumba, ena kaphikidwe ka zakudya zimene sitinazionepo. Ahedi anati katoniyo ikakhale m'sitolo. A Madamu anaifufuza n'kutolamo buku limodzi lopanda chikuto, masamba oyamba atathothoka, moti mpaka lero sindidziwa dzina lake kapena amene analilemba. Munali nkhani zakale za ku Amerekako, za anthu ogwira ntchito zothyola msana, odula mitengo, okumba migodi, oyendetsa maboti m'mitsinje ikuluikulu, amene akaweruka ankapikisana kunena zinthu zosatheka, wina aliyense nkhope ili phee ngati akupereka umboni kukhoti.

A Madamu ankati anthu amenewo ndi abale athu. Ankati munthu amene ntchito imamuchepetsa tsiku lonse amafunika penapake podzikulitsira, ndipo malo osalipiritsa ndi pakamwa pake. Ankatiwerengera tsamba limodzi m'Chingelezi, pang'onopang'ono, akubwereza mawu ovuta. Akatero ankatseka bukulo, n'kulikhalira pampando, n'kufunsa kuti ndani m'kalasi muno angamugonjetse Mmerekayu.

Tikachita manyazi ankayamba okha. Sindidzaiwala ya chiperoni. Anatiuza kuti chaka chimene iwo anabadwa, chiperoni chinakhuthala kwambiri moti othyola tiyi sankasiyanitsa nkhungu ndi masamba, anangothyola zonse n'kudzaza madengu. Kufakitale nakonso sanazindikire, anaumitsa nkhunguyo, n'kuiika m'mabokosi, n'kuitumiza ku Mangalande. Azungu kumeneko anaithira m'madzi otentha, nkhungu ija inatuluka m'makapu, ndipo mpaka lero dzuwa saliona bwinobwino. Anamaliza n'kutiyang'ana ngati atiuza mtengo wa mchere. Mnzathu wina anafunsa ngati zinachitikadi, ndipo a Madamu anamuuza kuti akafunse ku Mangalande.

Kuyambira pamenepo kalasi inapenga. Tinamva za nthochi ya ku Masambanjati yaitali moti mbali ina anthu ankadya pamene mbali inayo inali isanakhwime. Tinamva za agogo a ku Khwethemule amene ankayetsemula kamodzi pachaka, anthu n'kuyambapo kufolera nyumba. A Madamu ankatilola kukamba m'Chichewa kapena m'Chilomwe, kenako kulemba m'Chichewa, ndipo pomaliza pake m'pamene tinkaisandutsa Chingelezi. Ankati sungavale jekete usanasambe.

Apa m'pamene panagona mkangano wawo woyamba ndi ahedi. Pasukulupo panali lamulo loti wolankhula Chichewa akatchetche bwalo. Ahedi ankadutsa pawindo la Fomu 2, n'kumva Chilomwe chikuwira m'kalasi ya Chingelezi, ana akufa nacho chiseko. Anawaitanira a Madamu kuofesi kangapo. A Madamu ankavomera kuti lamulo aliphwanyadi, ndipo tsiku lina anatenga chikwakwa okha n'kukatchetcha pafupi ndi ofesi ya ahedi, ambulera atapachika pamtengo wa mapeyala. Ahedi anachita manyazi, anatuluka n'kukawalanda chikwakwacho, ndipo nkhani ya lamuloyo sinamvekenso.

Mkangano wachiwiri unali waukulu. Ahediwo analinso mkulu wa mpingo, ndipo zinkawavuta mumtima kuti pasukulu yawo ana akupatsidwa malikisi chifukwa chonama. A Madamu ankakana kwamtuwagalu kuti limenelo si bodza. Ankati wabodza amafuna umukhulupirire, n'chifukwa chake bodza lake amaliyeza bwino kuti likwane m'khutu. Wokokomeza ukamukhulupirira wamunyoza, chifukwa ndiye kuti nkhani yake yachepa. Ankati choopsa ndi nkhani yapakatikati, yosakula mokwanira kuti anthu aseke, koma yokula mokwanira kuti ipweteke munthu.

Chodabwitsa n'chakuti sindinaonepo munthu woopa bodza ngati mayi ameneyu. Kuukwati ukawafunsa ngati ndiwo zakoma, ankakuuza kuti mchere wachepa. Amayi a makanda anaphunzira kusawafunsa kuti mwana wafanana ndi ndani. Wophunzira akachedwa n'kunena kuti amayi akudwala pamene anangogonereza, a Madamu ankapsa mtima zenizeni. Koma wina atachedwa n'kunena kuti msewu unatalika usiku chifukwa cha mvula, moti anachita kuupinda kuti afike, anamulola kulowa n'kumuuza kuti mawa aupinde m'mawa.

Ntchito yokachitira kunyumba imene ankaikonda inali yotituma kukamvetsera makolo athu. Ankati tikhale pafupi nawo akaweruka, tiwerenge kuti afa kangati. "Njala yandipha." "Msana wathyoka." "Dzuwa landimenya." "Mvula ya lero yakwiya." Tinkabwera ndi makope odzaza, iwo n'kumalemba pabolodi mayina ake a Chingelezi, aja a pamayeso, uyu ndi wokokomeza, uyu wasandutsa mvula kukhala munthu, uyu wafanizira. Ankati zimene mabuku amazipatsa mayina aatali, amayi athu amazichita dengu lili kumsana. Ine ntchito imeneyi inkandisautsa, chifukwa mayi anga sakokomeza. Sabata yathunthu ndinakhala nawo khutu lili tcheru, ndipo chimene ndinatola n'chakuti, "Ndatopa pang'ono."

Mwina n'chifukwa chake pamene a Madamu anatiuza kuti aliyense alembe nkhani yokokomeza ya kholo lake, ine dzanja linandilemera. Lamulo lawo linali loti dzina likhale lenileni, malo akhale enieni, kuti chosathekacho chiime pa nthaka yodziwika. Ndinalemba mutu pamwamba pa tsamba, kenako ndinayamba motere: "Mayi anga a Felesita Makhwiya a kumalaini a kumunsi amadzuka tambala asanalire. Amalowa mu filudi naini alonda ali m'tulo, amathyola madengu khumi, n'kukawatula ku Khonjeni, n'kubwerako madzi osamba asanafunde." Ndinaona ngati ndanena zazikulu. A Madamu atadutsa pa desiki yanga anawerenga, mapewa osagwedezeka, n'kulemba m'mbali ndi bolopeni yofiira kuti, "Khumi okha? Wonjezera." Ndinaluma mano n'kupitiriza m'munsi mwa tsamba lomwelo, ndipo kumunsiko nkhani inakuladi.

Mayi anga sadziwa kuwerenga. M'mawa wina ankafuna pokulunga mchere ndi tsabola wodyera chinangwa kuntchito, anaona kope lili pamphasa, anang'ambamo tsamba limene linali lodzaza kale, poganiza kuti lolembedwa latha ntchito. Masana atadya, pepalalo linatsala m'mphepete mwa munda. Analitola a Sabuni, mkulu wa alonda, munthu wamtali wokonda fodya wopichira. Anang'amba kumwamba n'kupichira, mutu wa nkhani unapita ndi utsi. Madzulo anang'amba kumunsi, mathero nawo anapita. Tsiku lotsatira, akufuna kupichira kachitatu, maso awo anagwera pa mawu akuti "alonda ali m'tulo".

Tsoka lake, miyezi imeneyo tiyi wa mu filudi naini, umodzi mwa minda ya esiteti, ankabedwadi m'bandakucha, ndipo a Sabuni anali atadzudzulidwa kale kuofesi. Tsono m'manja mwawo munali dzina, malo, nthawi, kokagulitsa, ndi dzanja la munthu wamkulu lolemba mofiira kuti madengu khumi achepa, awonjezere.

Lachitatu limenelo ndinapeza mayi ali pakhomo dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sichinkachitika. Dengu linali pansi lopanda kanthu. Ananditembenukira.

"Aginesi, unalemba chiyani za ine?"

A Sabuni anali atawatchula wakuba pasikelo yoyezera tiyi, pamaso pa gulu lonse la othyola, n'kuwauza kuti aime kaye ntchito, Lachisanu akaonekere kuofesi. Akapezeka olakwa, nyumba aituluke. Bambo anali atamwalira, ana tinalipo anayi, ndipo kumudzi kumene tikanapita kunalibe ngakhale ndime yathu. Mayi sanandikalipire, sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

Ndinathamangira kunyumba kwa a Madamu ndikulira. Anandimvetsera mpaka kumapeto ali chiimire. Nkhope ndi mapewa zonse zinali zii.

"Pukuta misozi," anatero. "Iwe unalemba zimene ndinakutuma. Dzina ndinati ulembe ndine, bolopeni yofiira ndi yanga. Mlandu uwu ndi wanga."

Lachinayi anasonkhanitsa makope a kalasi yonse. Lachisanu m'mawa anapita kwa ahedi kukapempha kuti atenge Fomu 2 kupita nayo kuofesi ya esiteti. Ahedi anakana, anati sukulu isalowerere za kampani, ndiponso iwo anachenjeza kale kuti mabodzawa adzabala zina. A Madamu anavomera kuti anachenjezadi. Kenako anawauza mosabisa kuti apitabe, ndipo akabwerako adzalandira chilango chilichonse. Mphunzitsi wina akanangoti tikupita kukaona zomera, koma iwo sakanatha.

Tinayenda pamzere m'kanjira ka pakati pa tiyi, ana oposa makumi anayi, a Madamu patsogolo, makope atawamanga ndi luzi n'kusenza pamutu. Othyola ankaweramuka kutiyang'ana. Ena anatitsatira pang'ono mpaka kapitawo atawabweza.

A manijala anali bambo wachichepere wochokera ku Blantyre, wa tayi, wosazolowera kupeza sukulu yathunthu pakhonde la ofesi yake. Mkati munali mayi anga atakhala pabenchi manja ali pamiyendo, ndi a Sabuni ataima pafupi ndi tebulo. Patebulopo panali kapepala kanga, kothimbirira ndi tsabola, atakatsindira ndi kapu. Anzanga anatsala panja, atadzaza mawindo. Ine a Madamu anandikoka dzanja n'kulowa nane.

"Mayi, muno si m'kalasi," anatero a manijala.

"Ndikudziwa, bwana. Koma umboni wanuwo ndi wa m'kalasi mwanga. Zofiirazo ndinalemba ndine."

"Ndiye kuti mukuvomera kuti munkawauza awonjezere?"

"Kwambiri. Madengu khumi ndi manyazi. Ndinkafuna osachepera handiredi."

A manijala anayang'ana a Sabuni, a Sabuni anayang'ana kudenga. A Madamu anapempha kuona kapepalako, anakatembenuza uku ndi uku.

"Bambo Sabuni, tsambali linali lathunthu. Kumwamba kuli kuti?"

"Kunang'ambika, Madamu."

"Kunang'ambika kokha?"

A Madamu anabwerezanso funsolo m'Chilomwe, motsitsa mawu, monga amafunsirana anthu akumudzi kumodzi.

"Ndinapichira fodya."

"Nanga kumunsi?"

"Nakonso, Madamu. Mapepala akusowa masiku ano."

Pawindo panamveka kuphulika kwa chiseko, a Madamu anangotembenuka kamodzi, kunja kunati zii. Anauza a manijala kuti popeza mathero a umboni asutidwa, mwini wake awanene pakamwa. Ndinayang'ana khoma n'kuyamba kunena zimene zinali kumunsi kwa tsamba lija: kuti mayi anga akamaliza filudi naini manja amakhala asanakhutire, ndiye amathyola esiteti yonse, n'kupitirira mpaka ku Mulanje, kumene tiyi akangomva kuti a Felesita akubwera amadzithothola yekha n'kukadikira m'dengu. Kuti dengu lawo likadzaza, mthunzi wake umaphimba Masambanjati, nkhuku n'kukalowa m'khola teni koloko m'mawa. Kuti tsiku lina anathyola mothamanga kwambiri mpaka anathyola ndi masamba a chaka chamawa, n'chifukwa chake chaka chotsatira kampani inapumitsa anthu.

A manijala anabisa pakamwa ndi dzanja. Mayi anga ankandiyang'ana ngati mwana wa eni. Koma bamboyo atadzigwira anati kuseka si umboni, mathero angathe kupekedwa usiku umodzi, ndipo tiyi akubedwadi. Ankanena zoona, ndipo a Madamu anawauza kuti akunena zoona.

Kenako a Madamu anapempha kuti a Sabuni awerenge lipoti limene analembera ofesi. A Sabuni anakonza kolala, n'kuwerenga mokweza kuti akuba amaliza tiyi yense wa mu filudi naini, sipanatsale ngakhale tsamba limodzi. A Madamu anapita pawindo, anauza ana kuti apatuke, n'kuloza ndi ambulera kutsidya kwa khwawa. Filudi naini inali apo, yobiriwira bwino, anthu akuthyolamo.

"Bambo Sabuni, munanama?"

"Iyayi, Madamu, ine sindinama. Ndi kalankhulidwe chabe. Aliyense akudziwa kuti sindikutanthauza tsamba lililonse."

"Zikomo. Phunziro limene ndimavutika nalo teremu yathunthu, inu mwalimaliza m'mawu awiri. Eyiti pa teni."

Atatero anamasula luzi lija n'kuyala makope patebulo, aliyense atatsegulidwa pa tsiku lomwelo, mutu womwewo, bolopeni yofiira yomweyo. A manijala anayamba kuwerenga, loyamba mokayika, lachiwiri atakhala pansi. Munali woyendetsa thalakita amene anabwerera m'mbuyo mothamanga mpaka anafika dzulo. Munali wophika wa kunyumba kwa a manijala omwewo, amene supu yake ikanunkhira anthu a ku Mozambiki amabwera ndi mbale. Kope limodzi a Madamu sanaliike patebulo. Analipereka m'manja mwa a Sabuni, n'kunena kuti limeneli awerenge chamumtima, ndipo akaona kuti pepala la mwana wasukulu ndi umboni, alipereke okha kwa bwana.

Linali kope la Gelesi, mwana wa a Sabuni, amene panthawiyo anali atabisala kumbuyo kwa anzake pawindo. A Sabuni anawerenga milomo ikuyenda. Nkhope inayamba yada, kenako masaya anayamba kunjenjemera. Anafika pansi pa tsamba n'kuona malikisi.

"Naini? Mwana wanga wapeza naini?"

Palibe amene anawakakamiza. Anawerenga okha mokweza, chala chikutsata mzere, kuti bambo ake a Gelesi amagona tulo tokoma pantchito moti tsiku lina akuba anawanyamula pamodzi ndi kanyumba kaulonda n'kukawatula ku Khwethemule, ndipo atadzuka anakalemba lipoti loti anthu aba phiri. Pofika pa phiri mawu anawathera. Anakhala pabenchi pafupi ndi mayi anga, misozi ili mbwee, akumenya bondo ndi kopelo. A manijala anavula magalasi. Kunja kalasi yonse inali pansi, ndipo mapewa a a Madamu ankagwedezeka moti ambulera inagwa.

Chiseko chitatha, a manijala anati nkhani yatha, mayi Makhwiya abwerere kuntchito mawa. Ine ndinali wokonzeka kugwada n'kuthokoza. A Madamu sanasunthe.

"Bwana, ntchito mwabweza. Nanga dzina?"

"Dzina lanji?"

"Mayiwa anatchulidwa wakuba pasikelo, anthu onse akumva. Muno tilimo asanu. Mawu abwezedwe pamene ananenedwa."

A manijala anati akalemba kalata. A Madamu anati mayiwa sawerenga, ndipo ambiri mwa amene anamva sawerenganso. Anakhala pampando umene sanapatsidwe, n'kuika ambulera pamiyendo. Bamboyo anayang'ana wotchi, anayang'ana ana odzaza khonde lake, n'kutumiza uthenga kwa kapitawo.

Masana a tsiku lomwelo, nthawi yoyeza, a Sabuni anaima pasikelo chipewa chili m'manja, a manijala ali pambali, n'kunena kuti a Felesita Makhwiya sanabe kanthu, iwo ndi amene analakwitsa kuwerenga. Mayi wina m'gulumo anafunsa kuti analakwitsa bwanji, a Sabuni anayankha kuti anayambira kusuta m'malo moyambira kuwerenga. Nthungululu zinamveka mpaka kufakitale. Pambuyo pake a Madamu anapita pamene panali mayi anga, anagwada pa udzu wonyowa ndi siketi yawo ya kuntchito, n'kupepesa. Mayi anga anachita manyazi kwambiri, anawadzutsa msanga, ndipo chimene ananena n'chakuti, "Zatha, Madamu. Mudetsa zovala."

Akuba enieni anagwidwa patapita miyezi iwiri, anali anthu ochokera kutali. Ahedi anawalembera a Madamu kalata yowachenjeza chifukwa chotulutsa ana popanda chilolezo, ndipo iwo anaisayinira mosatsutsa, anati ndi yoona. Ena ankaganiza kuti asiya phunziro lija. Sanasiye. Anangosintha zinthu ziwiri: nkhani izikula kuyambira pa mzere woyamba, kuti ngakhale wina asute kotsalako isavulaze munthu, ndipo makope azikhala patali ndi mchere. Buku lopanda chikuto lija linapitiriza kuyenda nawo mpaka anapuma pantchito, masamba akuchepa chaka ndi chaka. Ndinawafunsapo tsiku lina, nditakula kale, ngati sankafuna kudziwa amene analilemba. Anati amamudziwa, ndi munthu wotopa amene anali ndi anzake abwino.

Ndimawasowa mayi ameneyu, ndipo ndikamalemba izi ndikuseka ndi kulira pamodzi. Pamaliro m'busa ananena zoona zokhazokha, kuti anali mphunzitsi wokhulupirika, wosunga nthawi, wosaopa munthu. Zonsezo n'zoona, koma zinandichepera.

Patatha masabata atatu chiikireni maliro, mayi anga anandiitananso. Nandolo anali atacha, ndipo ndinapeza atasenda wodzaza kabeseni, atamangira pansalu. M'pamene ndinadziwa kuti chaka chilichonse chichokereni ine pakhomo, nandolo woyamba wa m'kamunda kawo ankapita kwa a Madamu. Sanandiuzepo. Ndinafuna kuwakumbutsa kuti kulibe womulandira, koma ndinaona kuti akudziwa.

Atapuma pantchito, a Madamu ankakhala m'kanyumba ka njerwa kuseri kwa msika wa Khonjeni. Tinayenda pang'onopang'ono, tikupumira maondo. Tinapeza chitseko chili ndi loko, makatani atachotsedwa, abale atatenga kale katundu. Bwalo linali losasesa, masamba a mango ali mbwee mpaka pakhomo. Pakhonde, pafupi ndi windo, dothi lozira linali ndi timaenje tinayi pamene miyendo ya mpando wawo inkaponda, ndipo pakhoma panali chizindikiro chakuda pamene mutu unkatsamira.

Mayi anakhala pa sitepe n'kumasula nsalu. Anayang'ana timaenje tija.

"Mayi ameneyu," anatero, "anabereka nyumba yanga kumsana, ana anayi muli momwemo, kuchoka nayo kuofesi mpaka kumalaini, osapumira panjira."

M'moyo wanga wonse ndinali ndisanawamvepo akulankhula chotero.

"Amayi, lero mwakokomeza. Akanakupatsani teni."

"Iyayi, mwana wanga. Ndachepetsa."

Anadzuka movutikira, anaika kabeseni kaja pakati pa timaenje tinayi, n'kuvundikira ndi nsalu kuti nkhuku zisafikepo. Tinatseka kageti ka nsungwi ngakhale munalibe choti chituluke, n'kuyamba ulendo wobwerera.